Kumasulira Mughal Tamasha m'Chichewa: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

12 Febuluwale

Anzanga a zisudzo kumudzi akhala akundifunsa kuti ntchito ija ndinaitchula pa Khirisimasi yafika pati, ndiye ndaganiza zoti ndizilemba pakachitika kanthu. Kwa amene simunamve, ndili ku Bhubaneswar, likulu la Odisha kum'mawa kwa India, komwe ndikuchita maphunziro. Ntchito yake ndi yojambula sewero lamakolo lotchedwa Mughal Tamasha, kulemba mawu onse oyankhulidwa ndi oimbidwa, kenako kuwamasulira m'Chichewa kuti aziwerengeka m'munsi mwa kanema. Si ya kusukulu. Ndinaonera kachidutswa ka mphindi zinayi pa foni ya mnzanga, ndipo chinandigwira mtima ndi ichi: anthu ovala ngati Asilamu akale, akupatsana salamu, akusewera pabwalo la kachisi wa Ahindu, khamu lonse likuseka chikhakhali.

Kwawo kwa seweroli ndi ku Bhadrak, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Salandi, pa njanji yochokera kuno kupita ku Kolkata. Analipeka ndi mlakatuli Bansiballabh Goswami wa m'mudzi wa Sangat m'zaka za m'ma 1700. Iyeyu anali Mhindu. Analemba masewero asanu ndi awiri a mtundu umenewu, koma lomwe likuseweredwabe ndi ili. Lili m'zilankhulo zisanu: Chiodia, Chibengali, Chihindi, Chiurdu ndi Chiperisiya.

Tilipo atatu. Woyamba ndi mnzanga wa m'kalasi, Mhindu wa ku Bhadrak konko, amene ndimamuitana kuti Bhai, ndiye kuti achimwene. Iye ndi wa Chiodia ndi Chibengali. Achiwiri ndi mayi achisilamu ophunzitsa Chiurdu, amene tonse timawaitana kuti Apa, achemwali. Ine ndine wa kamera ndi Chichewa. Atatufe timamvana kudzera m'Chingerezi, ndipo zimenezi zikundidetsa nkhawa, chifukwa mawu akadzera m'Chingerezi amafika m'Chichewa atauma.

20 Febuluwale

Sabata ino yathera m'laibulale. Ndimafuna kudziwa kuti zilankhulo zisanu zinakumana bwanji m'sewero limodzi la kumudzi.

Ufumu wa Odisha unagwera m'manja mwa sultan wa ku Bengal mu 1568. Mu 1592 derali linalowa mu ufumu wa Mughal, ndipo mkulu wa asilikali amene anagwira ntchitoyo m'dzina la mfumu Akbar anali Raja Man Singh, Mhindu. Mfundo imeneyi ndailemba ndi inki yofiira, chifukwa ikusonyeza kuti mawu akuti Mughal amanena za boma, ndipo m'bomamo munali Asilamu ndi Ahindu omwe. Mu 1751 nawab (wolamulira) wa ku Bengal, Alivardi Khan, anapereka Odisha kwa a Maratha, olamulira achihindu ochokera kumadzulo kwa India, ndipo mu 1803 Angerezi analanda.

Chiperisiya chinali chilankhulo cha boma la Mughal, cha m'makhoti ndi m'mabuku a msonkho, moti ngakhale Angerezi anapitiriza kuchigwiritsa ntchito m'makhoti mpaka 1837. Bhadrak nayo inali pa njira ya anthu ochokera ku Bengal opita kukapembedza ku kachisi wa Jagannath ku Puri. Choncho mlimi wa kumeneko amayankhula Chiodia pakhomo, kumva Chibengali pamsewu, Chihindi ndi Chiurdu kumsika ndi kwa asilikali, kenako n'kukaweruzidwa m'Chiperisiya chomwe samachimva. Mlakatuli uja anangotola zomwe khutu lake limamva tsiku ndi tsiku n'kuziika pabwalo.

9 Malichi

Ulendo woyamba wa ku Bhadrak. Tinakwera sitima ya m'mamawa, maola awiri ndi kanthu tinali titafika. Bhai ananditengera kwa mkulu wa gulu limodzi la seweroli, bambo achikulire amene aliyense amawaitana kuti Mausa, ngati mmene ife timanenera kuti amalume. Tinavula nsapato pakhomo, tinakhala pamphasa, tinamwa tiyi, ndipo nkhani ya kamera sitinaiyambe mpaka atatifunsa okha chomwe tadzera.

Avomera, koma ndi mfundo zitatu. Kamera isatchinge ana omwe amakhala kutsogolo. Gulu lilandire kanema yense, osati zidutswa. Maina a osewera onse, mpaka oimba ng'oma, alembedwe kumapeto. Ndavomera zonse ndi mtima umodzi.

Atatero anakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Munali nduwira ya Mirza, bwana wa m'seweroli, mkanjo wake wonyezimira womwe m'khwapa munasokedwa kangapo ndi ulusi wosiyana mitundu, nsapato zopindika kumphuno, ndi kaliwo wamkulu wosutira fodya kudzera m'madzi, yemwe kuno amati huka. Zonse zimanunkha mankhwala othamangitsa njenjete. Mausa anatulutsa ndodo yaitali yokutidwa ndi pepala lasiliva, anaigogoda pansi katatu, mawu awo n'kusinthiratu kukhala a munthu wina. Mdzukulu wawo amene amasewera panja anathamangira m'nyumba kudzaona.

Ndodoyo ndi ya Chopdar, mlonda wa bwana. Apa anandiuza kuti chob m'Chiperisiya ndi ndodo, choncho Chopdar ndi mwini ndodo.

Seweroli lilibe nkhani yoyamba apa n'kukathera apo ngati masewero athu a pa wailesi. Mirza Sahib, bwana wa boma la Mughal, wabwera kudzayendera dera. Amakhala pampando wake, ndipo Chopdar amaitana antchito mmodzimmodzi: wotunga madzi ndi thumba lake lachikopa, wosesa, woyala pogona, wosamala huka, wokupiza mphepo, wophika, wometa, mlembi, wotamanda mafumu. Aliyense amalowa akuimba nyimbo yodzifotokoza, amapereka salamu, amagwira kantchito kake, n'kupempha bakshish, kandalama komuthokozera. Potuluka amakumana ndi Chopdar akufuna gawo lake pa bakshish yomweyo. Kenako amaitanidwa zamindar, mwini minda, ndi kalaliki wake, kuti apereke chakudya ndi zina zonse zomwe bwana akufuna. Womaliza ndi mayi wogulitsa mkaka.

Madzulo tinaonera akuyeserera pakhonde la sukulu. Wosewera Mirza ndi mlimi wa mpunga, Mhindu. Telala amene amasamala zovala ndi Msilamu, ndipo ndi iye amene amamudzudzula Mirzayo akalakwitsa katchulidwe ka Chiurdu. Palibe amene anaona chachilendo pamenepo kupatula ine.

10 Malichi

Tisanakwere sitima yobwerera, Bhai anandiyendetsa mumsika n'kundisonyeza mzere wa mashopu omwe makoma ake ndi atsopano kuposa oyandikana nawo. Mu Epulo 2017, nyengo ya chikondwerero cha Ahindu cha Ram Navami, kunabuka zipolowe pakati pa Ahindu ndi Asilamu m'tauniyi chifukwa cha mawu onyoza Rama ndi Sita, milungu ya Ahindu, omwe analembedwa pa Facebook. Mashopu anatenthedwa, boma linaletsa anthu kuyenda, intaneti inatsekedwa. Mu 1991 kunachitikanso zipolowe zotere.

Ndalemba izi kuti ndidzichenjeze. Pofotokoza ntchitoyi kwa anthu ndakhala ndikunena kuti seweroli limabweretsa mtendere pakati pa zipembedzo ziwiri, ndipo mawuwo amatuluka mosavuta kwambiri. Seweroli lakhala ku Bhadrak zaka zoposa 200, koma mashopu anapsabe. M'mawu oyamba a kanema wathu sindilemba kuti linathetsa udani. Ndilemba zomwe ndingathe kusonyeza ndi kamera: kuti pali usiku umene anthu a mbali ziwirizi amakhala pamphasa imodzi, ndiponso chomwe chimawaseketsa.

28 Malichi

Ndabwereka kamera yachiwiri ndi kachojambulira mawu. Mabatire alipo anayi. Apa apeza mphunzitsi wopuma pantchito wodziwa Chiperisiya, ndipo wavomera kutithandiza tikadzafika pa mizere yovuta. Kutentha kwayamba kale, masana munthu sungayende wopanda botolo la madzi.

15 Epulo

Tabwerako dzulo, tajambula.

Mwamwambo seweroli limachitika m'masiku omaliza a mwezi wa Chaitra pa kalendala ya Ahindu, chaka chatsopano cha Aodia chili pafupi, pabwalo la kutsogolo kwa kachisi wa Shiva. Tsiku la chaka chatsopanolo amalitcha Pana Sankranti, ndipo pana ndi chakumwa chozuna chopangidwa ndi chipatso cha bel, cha chigoba cholimba ngati mateme athu. Amayi ake a Bhai anandipatsa makapu awiri. Pabwalo la nyumba yawo anali atapachika kamphika kadothi kobowoledwa kunsi, madzi akudontha dontho limodzilimodzi pa kamtengo ka tulsi kuti kasafote ndi dzuwa.

Cha m'ma 9 koloko usiku ng'oma zinayamba: dhol, ng'oma ziwiri zomenyedwa ndi timitengo zotchedwa jodi nagara, ndi chitoliro cha mawu akuthwa. Zinalira nthawi yaitali popanda wosewera aliyense, ntchito yake kuitana anthu a midzi yozungulira. Ndinaika kamera imodzi kumbali ya bwalo ndipo inayo ndinailozetsa kwa oonera. Pa zonse zomwe ndachita pa ntchitoyi, kulozetsa kamera kwa oonera ndi komwe ndikukondwera nako kwambiri.

Mirza anafika ndi mdipiti, nyimbo zomutamanda zili pakamwa. Atangokhala, kudzikuza kunayamba: kupotokola ndevu, kuyasamula, kukalipira aliyense m'chilankhulo chomwe wokalipiridwayo sakuchimva. Anthu amaseka kwambiri pamene wantchito wamva lamulo la Chiperisiya molakwika n'kuyankha zina m'Chiodia, Chopdar ali pakati kumasulira mokomera thumba lake. Pa kamera yachiwiri pali madala awiri okhala moyandikana, wina wovala kachipewa koyera ka Asilamu, wina wodzola chizindikiro chofiira pamphumi. Chopdar atatambasula dzanja kwa wosesa kufuna gawo lake, wachipewayo anamenya mnzakeyo pabondo, onse awiri n'kuwerama ndi phwete. Ndawonera kachidutswa kameneko kasanu ndi kawiri.

Cha m'ma 11 koloko kunabwera chimphepo cha nyengo ino chomwe kuno amati kalbaisakhi. Fumbi linadzaza m'maso, nsalu yapadenga inang'ambika mbali imodzi, magetsi anazima. Osewera sanachoke. Anadikira mphindi pafupifupi 20, jenereta inalira, Chopdar anagogoda ndodo yake, sewero n'kupitirira pomwe linalekera. Jeneretayo anaiika pafupi ndi pomwe ndinamangirira chojambulira mawu, ndipo sindikanatha kudutsa pakati pa anthu kukachisuntha. Mphindi 40 za mawu zili ndi mkokomo pansi pake.

Gawo la mayi wa mkaka linafika usiku utapita kwambiri. Wosewera gawoli ndi mwamuna wovala sari, mtsuko uli pamutu. Mirza amamunyengerera ndi chuma ndi ulemerero, iye n'kukana, kuti ndi mkazi wa mwini. Pamenepo bwalo linasintha. Amayi omwe usiku wonse amaseka chophimba kukamwa anayamba kuyankhira mokweza, ovala sari ndi ovala buruka chimodzimodzi. Bwana amene aliyense wamugwadira usiku wonse anagonja kwa mayi wogulitsa mkaka, anthu n'kuyamba kupinda mphasa.

27 Epulo

Tayamba kulemba mawu. Kanema yense, titachotsa nthawi ya chimphepo ndi ng'oma zoyambirira, ndi wa maola anayi ndi mphindi 10. Timakumana katatu pa sabata, ndipo tsiku lililonse timatha mphindi 12 kapena 15 basi. Bhai amalemba Chiodia ndi Chibengali, Apa Chiurdu ndi Chihindi, ndipo mzere uliwonse timaulemba chizindikiro cha chilankhulo chake.

Vuto lomwe sitinaliyembekeze ndi Chiperisiya. Osewerawa anachiphunzira ndi khutu kuchokera kwa akuluakulu awo, ndipo mawu ena anaperepeseka ngati mwala wa mumtsinje. Mphunzitsi wopuma uja anamvetsera mzere umodzi kasanu asanazindikire mawu ake enieni. Anatifunsa ngati tikufuna kulemba Chiperisiya cholondola kapena chomwe chatuluka pakamwa pa wosewera. Tagwirizana kulemba zonse ziwiri m'kope lathu, koma kumasulira tanthauzo lomwe wosewerayo akulidziwa, poti ndi lomwe akulisewera ndi nkhope ndi manja ake.

Pa mphindi 40 za jenereta zija, mawu a kamera yoyamba atipulumutsa pa mphindi 31. Zotsalazo tidzafunsa Mausa kuti atibwerezere pakamwa.

6 Meyi

Lero ndi tsiku lomwe ndakhala ndikuliopa. Zilankhulo zisanu zilowa bwanji m'Chichewa chimodzi? Mukamasulira zonse mofanana, woonera wa ku Malawi aona anthu akulephera kumvana pamene onse akuyankhula Chichewa chomwecho, ndipo nthabwala yonse ifa.

Ndinatumiza mphindi zisanu zoyeserera kwa anzanga a zisudzo ku Zomba. Mmodzi anabwera ndi ganizo lomwe poyamba linaoneka lanzeru: tigwiritse ntchito zilankhulo zathu. Anthu wamba ayankhule Chichewa, ena Chitumbuka kapena Chilomwe, ndipo Mirza ndi Chopdar, poti ndi Asilamu, ayankhule Chiyao.

Ndakana, ndipo ndikufuna kufotokoza bwino chifukwa chake, poti ndi pomwe pagona ntchito yonseyi. Mirza sasekedwa chifukwa cha Chisilamu chake. Usiku wonse sindinaone pomwe pemphero, mzikiti kapena Korani zinanyozedwa, ndipo Apa, amene khutu lawo ndi lakuthwa pa zimenezi, akuti nawonso sanamve. Amasekedwa chifukwa ndi bwana wodyera anthu masuku pamutu, wofuna kukupizidwa mphepo ndi kupatsidwa mkazi wa mwini. Wotunga madzi amene Chopdar akumudyera bakshish amapereka salamu yomweyo, amayankhula Chiurdu chomwecho. Zamindar amene akugwada kutsogolo kwa bwana n'kukafinya alimi kumbuyo ndi munthu wa m'dera lomwelo, ndipo naye amasekedwa mofanana. Madala awiri aja akuseka limodzi chifukwa onse anaimapo pa windo la ofesi, munthu wa ndodo atatambasula dzanja. Ndikamupatsa Mirza Chiyao, woonera wa ku Lilongwe adzaseka Myao wa ku Mangochi, ndipo ndidzakhala nditatenga sewero lokhazika anthu pamphasa imodzi n'kulisandutsa lonyoza mtundu wa anthu.

Chiperisiya ku Bhadrak chinali chilankhulo cha boma, cha khoti ndi cha msonkho. Kwathu chilankhulo chotero tonse tikuchidziwa. Ndiye Mirza aziyankhula Chichewa cha m'makalata a boma, chodzaza ndi Chingerezi chosafunikira, cha bwana amene amadziwa Chichewa bwinobwino koma safuna kuti wamba amumve msanga. Chopdar akhala ndi malilime awiri: akayang'ana kumpando ndi "inde bwana, zachitika kale bwana", akatembenukira kwa wosesa ndi "iwe, fulumira". Mayi wa mkaka ayankhula Chichewa cha kumudzi, cholemera, chopanda mawu obwereka ngakhale amodzi. Kuonjezera apo mawu a m'munsi akhala ndi mitundu: achikasu pa Chiperisiya ndi Chiurdu, oyera pa Chiodia, obiriwira pa Chibengali, abuluu pa Chihindi, kuti diso lione pomwe lilime lasintha.

Mnzanga uja atamva izi anandikumbutsa za Simoni wa m'gule wamkulu, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Zoona, nafenso tinadziwa kalekale kuvala nkhope ya wolamulira n'kumuvina pabwalo la mwambo. Koma m'kanema sinditchulamo gule, kuopa kuti anthu angayambe kuona Mughal Tamasha ngati gule wa ku India. Ndi chinthu china, chili ndi mbiri yakeyake.

Mawu angapo atitengera nthawi. Bakshish tayesa "mphatso", yaoneka yaulemu kwambiri. "Chiphuphu" ikuweruza msanga, pamene wantchito akupempha poyera, akuimba. Tasankha "kangachepe" wantchito akamapempha kwa Mirza, ndi "ya fanta" Chopdar akamadula gawo lake. Chopdar yemweyo ndimafuna kumutcha mesenjala, pokumbukira amesenjala a kwa DC, koma dzina lake lisiyidwa momwe lilili, anthu alizolowera pakangopita mphindi zochepa. Zamindar sangakhale "mfumu" kapena "nyakwawa". Ndi mwini minda wotolera msonkho kwa alimi, ndipo wofanana naye m'mbiri yathu ndi mwini esiteti wa nthawi ya thangata. Talemba "mwini minda".

Nyimbo ndiye zandilemera. Nyimbo ya wotunga madzi ndaimasulira katatu. Kumasulira koyamba kunali kolondola koma kosaimbika. Ndinapempha Bhai kuti asiye kundiuza m'Chingerezi, angoyimba mobwerezabwereza uku akuchita ndi manja zomwe mawuwo akunena, ine ndikulemba Chichewa chomwe chikubwera. Kachitatuko kanatheka, ndipo nyimbo zonse zotsala tizichita motero.

19 Meyi

Pomwe tafika: mawu olembedwa m'zilankhulo zake, maola atatu ndi mphindi 5. Omasuliridwa m'Chichewa, ola limodzi ndi mphindi 40. Oikidwa kale m'munsi mwa kanema, mphindi 35, kuyambira kufika kwa Mirza mpaka kutuluka kwa wosesa. Nyimbo zomalizidwa ndi zinayi.

Mphindi 35 zimenezo zaonetsedwa kwa anthu asanu ndi atatu ku Zomba ndi kwa banja lina ku Mangochi. Funso langa linali limodzi: mwaseka pati? Onse atchula dzanja la Chopdar. Awiri adandaula kuti mawu achikasu sakuoneka bwino Mirza akaima kutsogolo kwa nsalu yowala, ndiye tiwaikira mthunzi wakuda kumbuyo. Bambo a ku Mangochi aja afunsa ngati osewerawo ndi Asilamu kapena Ahindu, ati iwo alephera kusiyanitsa. Ndawayankha kuti maina onse adzaoneka kumapeto monga tinalonjezera.

Mayeso anga ayamba sabata yamawa, choncho ntchito iima mpaka pa 8 Juni. Loweruka likudzali ndikupita ku Bhadrak ndi Bhai kukapereka kanema wathunthu kwa Mausa, ndi kukawapempha kuti atibwerezere mizere ya mphindi zisanu ndi zinayi zija zomwe jenereta inameza. Telala uja watumiza uthenga kuti tibwere ndi kope la Chichewa, akufuna amve mmene Chopdar akumvekera m'chilankhulo chathu.